Pasipoti Yanga Inafa Ikali Moyo

Mpaka lero ndikamva fungo la lalanje losenda kumene, mabere anga amalasa ngati kuli mwana akulira kuseri kwa nyumba. Mwana wanga Luka wakula tsopano, amathamangitsa nkhuku za ambuye ake kuno ku Feira, ku Zambia, koma thupi langa silinaiwale. Anthu akamva kuti ndinakagwirako ntchito ku Joni amafuna ndiwauze za mashopu ndi nyumba zosanja. Ine zimenezo sindinazione. Ndinali pa famu ya malalanje kufupi ndi boda, ndipo nkhani imene ndinabwera nayo ndi ya kabuku kamene kanandilekanitsa ndi mwana woyamwa.

Ife a kuno tinakula osaopa boda. Ukaima padoko la Zambezi pa Boma, tsidya ilo ndi Zumbo, kwa Mozambiki. Ukapotoza khosi pang'ono, uko ndi Kanyemba, kwa Zimbabwe. Atata anali msodzi. Ndili kamtsikana anali kundikweza m'bwato lawo kukaona abale ku Zumbo, ndipo kumeneko anthu anali kulankhula Chikunda chathu chomwechi, kuseka zomwe timaseka. Pepala limene ndinali kulidziwa ndi reji basi, chitupa cha boma chija, ndipo reji siitha, munthu umakalamba nayo. Pasipoti ndinaitenga ndikali mtsikana, pamene mayi wina wa mumpingo anafuna kuti ndizimuthandiza kunyamula nsomba zouma kukagulitsa kunja. Tinayenda maulendo awiri chabe, malonda anagwa, kabuku kaja kanalowa m'sutukesi ya amama n'kugona mmenemo zaka ndithu, pansi pa zitenje.

Chaka chimene mvula inakana, njovu n'kubwera kudzamaliza timapira totsalato, mtsikana wina wa kumudzi kwathu anabwera kudzadya Khirisimasi atavala nsapato zoyera, nati ku Joni kumene amagwira ntchito akufuna manja. Sindinaganize kawiri. Atata anandinyamulira chikwama mpaka pa basi pa Boma. Sanali munthu wa mawu ambiri.

"Kumeneko kuli mtsinje?"

"Ati ulipo, atata. Limpopo."

"Usakasambemo. Madzi akumeneko suwadziwa."

Malangizo awo anali omwewo. Anaima pafumbi paja manja ali kumbuyo mpaka basi inakhota.

Ntchito inali m'shedi yopakira. Malalanje amabwera pa lamba woyenda yekha, iwe waima, maso pa lamba, kuchotsa ovulala, ang'ono uku, akulu uku, kuyambira m'mawa mpaka miyendo isanduke mitengo. Ndikatseka maso pogona ndinali kuonabe malalanje akudutsa. Koma chimene chinandizunza kwambiri ndi mphepo. Malalanje amapsa nthawi yozizira, ndipo ine mwana wa ku Feira, kumene dzuwa limawotcha mpaka mbuzi zimabisala pansi pa ngolo, ndinali ndisanaonepo mpweya wanga ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti ndadwala.

Pa komboni anandiika chipinda chimodzi ndi mkazi wa ku Zimbabwe, wa ku Masvingo, wamkulu kwa ine pang'ono, wamtali, woseka mokweza. Pambuyo pake atabala mwana wamkazi tonse tinayamba kumuitana Mai Rudo, ndipo dzina limenelo ndi limene ndimamudziwa nalo. Atandimva ndikulankhula pa foni ndi amama m'Chikunda anaomba m'manja.

"Maiwe! Iwe si wa ku Zambia iwe. Ndiwe wakwathu, unangotayika uli mwana!"

Chishona chake ndi Chikunda changa zinali kukumana pakati, ndiye tinali kumvana bwinobwino. Anandipatsa juzi yake yakale. Anandiphunzitsa kuyankha foromani, ndi kupaka mafuta m'zala zikang'ambika ndi madzi a malalanje. Ine ndinamuphunzitsa kuphika nsomba youma mothira nsinjiro. Kumapeto kwa mwezi ndinali kutumiza kanthu kumudzi, ndipo a Zuze, alongo anga aakulu, anali kundiuza pa foni kuti malata akwera panyumba ya amama, kenaka mbuzi ziwiri, kenaka mbuzi zija zaswa.

Chimene tonse pa komboni tinali kuchiopa ndi masiku. Ukalowa m'dziko lija amakudindira masiku okhalamo, ndipo akatsala pang'ono kutha umakwera kupita pa boda, kutuluka, kulowanso, akudindire ena. Nkhani za madzulo zinali zomwezo: masiku ako atsala angati, uje masiku ake anatha anamugwira. Aliyense maso pa chidindo. Za moyo wa kabuku kenikeniko palibe anali kuzinena.

Atate ake Luka anali woyendetsa thirakitala. Mimba itaonekera anati akukafuna ntchito yabwino m'tauni, akapeza adzatiitana. Foni yake inasiya kulira. Za iye zithere pamenepo. Luka ndinabalira pachipatala cha m'tauni yapafupi, ndipo amene anandigwira dzanja ndi Mai Rudo, wake Rudo ali kumbuyo, asanayambe n'kukwawa komwe. Ndinatuluka ndi mwana ndi khadi la sikelo. Pepala lomuolotsera boda analibe, ndipo ine ndinati ndidzakonza akakulako, kuthamangira chiyani.

Luka anali asanayambe phala pamene foni inalira ndili pa lamba, masana dzuwa lili pamutu. A Zuze sanali kuimba nthawi ya ntchito. Ndinathamangira kuseri kwa makireti.

"Mlongo, atata adwala kwambiri. Bwera."

Kwathu imfa sainena pa foni. Amati wadwala kwambiri, amati bwera. Ine ndinadziwa, koma ndinafuna kumva.

"A Zuze, musanibise. Atata sadwala. Chachitika n'chani?"

Ndinamva akazi akulira kumbuyo kwawo.

"Mvuu. Yagubuduza bwato. Tawapeza m'mawa uno kumunsi, mbali ya Zumbo."

Sindikumbuka kugwa. Ndikumbuka malalanje akugubuduzika pansi ndi Mai Rudo akundithira madzi kumaso.

Ndinafuna kunyamuka ndi Luka kumbuyo nthawi yomweyo. Mai Rudo anandikhazika pabedi.

"Ndi mwana wopanda pepala sudutsa, shamwari. Maboda ndi awiri, ndipo akakugwira naye adzati wamuba. Musiye ndi ine. Sabata imodzi si chaka. Ukamapita kukadinda masiku amatsala ndi ndani?"

"Kumeneko ndimabwerako tsiku lomwelo. Uyu adziwa bere chabe."

"Tigula mkaka wa m'chitini ndi botolo. Njala ikamugwira adzamwa. Tulutsa pasipoti tione."

Ichi ndi chimene chimandiwawa mpaka lero: tinayang'ana. Musaganize kuti ndinanyamuka ngati chitsiru. Tinatsegula tsamba la chithunzi, Mai Rudo anaika chala pa tsiku lotha, tinawerenga tonse awiri. Inali nthawi yotentha, mvula isanayambe, ndipo tsiku lija linali kutali, chaka chinacho, nthawi ya chimanga chachiwisi.

"Ikali moyo," anatero Mai Rudo. "Upita, ubwerako, ndipo idzakhala ikali moyo."

M'mawa ndinamuyamwitsa Luka bere ili, ndi ili, ndi ilinso, mpaka mkaka unatuluka m'mbali mwa kamwa, anagona. Ndinamuika m'manja mwa Mai Rudo osamupsompsona, kuopa kumudzutsa.

Polowa m'Zimbabwe, bambo wa pa windo anagogoda kabuku kanga ndi chala, nanena kanthu. Ndinamva chabe kuti, "Mukupita kwanu?" Ndinati inde, kumaliro. Ananenanso zina uku akudinda. Makutu anga anali kale ku Feira. Ndinati zikomo, ndinatenga, ndinathamangira basi.

Ndinapeza ataika kale. Ndi kutentha kwa kuno, munthu wotuluka m'madzi sangadikire mwana wochokera ku Joni. Amama ndinawapeza atakhala pansi m'nyumba ya malata anga aja, atameta, atachepa ngati kamtsikana, moti ndinayang'ana kawiri. A Zuze, amene ndinawasiya akusewera mpira, anali kulankhula ndi mawu a atata, manja kumbuyo. Ndinalira pamanda, ndinakhala pamphasa ndi akazi, koma thupi langa linali kwina. Mabere anatupa, gwa ngati miyala, ndipo ndinali kuzemba kupita kuseri kwa khola kukafinyira mkaka pansi. Ndikaimba foni, Mai Rudo asanayankhe n'komwe, ndinali kumva kulira.

"Botolo akulavula. Ndikumupatsa ndi supuni, pang'onopang'ono. Fulumira, shamwari."

Sindinadikire kuti mphasa zichotsedwe. Amama anandimangira nsomba zouma za pende ndi masau a Mai Rudo, ndinakwera basi ya ku Lusaka, ku Lusaka ndinakwera ya ku Joni. Mtima unali utatsogola kale. Ndinali kuona mmene ndidzalowere pakhomo, mmene ndidzamasulire bulauzi ndisanatule n'chikwama chomwe.

Tinafika pa boda ya pa mlatho wa Zambezi dzuwa litakwera. Tinatsika tonse, mzere m'holo. Windo la kwathu anadinda osandiyang'ana. Ndinasunthira pa windo linalo, la Zimbabwe. Panali mayi wa yunifomu, wa msinkhu ngati wa Mai Rudo. Anatsegula, anayang'ana, anatembenuza tsamba, anabwerera pa chithunzi. Chidindo chinali m'dzanja lake koma sichinatsike. Ine maso pa chidindo.

"Mukupita kuti?" Anafunsa m'Chishona.

"Ku ntchito, mayi. Ningodutsa chabe."

"Ndi iyi simungalowe."

Ndinaganiza kuti sindinamve. Ndinaseka, mwina.

"Ikali moyo, mayi. Onani tsiku apo."

"Ndaliona. Kuti mulowe, pasipoti ifunika ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo kwake. Yanu yatsala ndi inayi."

"Koma siinathe!"

"Siinathe, koma simungalowe nayo."

"Nanga ninadutsa bwanji sabata yatha? Chidindo chanu icho!"

"Munali kupita kwanu. Wopita kwawo sitimuletsa. Sanakuuzeni kuti mukakonze?"

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira chala chija chikugogoda. Chinthu cholembedwa kuti chidzatha nthawi ya chimanga chingathe bwanji mvula isanagwe? Mankhwala a kukiliniki timamwa mpaka tsiku lake. Masiku a chidindo timakhala mpaka lomaliza. Ndani anabisa miyezi imeneyi, ndipo anailemba pati? Ndinatsegula kabuku ndekha kufunafuna, ngati ndipeza pamene palembedwa.

"Mayi, mwana wanga ali uko. Woyamwa. Ninamusiya ndi mnzanga. Sakudya."

"Pepala la mwana lili kuti?"

"Alibe. N'chifukwa chake ninamusiya."

Nditangotchula mwana, mkaka unatsika. Ndinaumva ukubwera, wotentha, ndipo sindikanatha kuuletsa. Bulauzi inanyowa mbali zonse ziwiri, mawanga awiri akukula anthu onse akuona. Mayi uja anaona. Anayang'ana pachifuwa panga, anayang'ana kumbali. Anapita ndi kabuku kanga kuchipinda cha mkati, ndipo ine ndinagwada pansi pomwepo pa simenti, ndikupemphera mokweza m'Chikunda. Anabwerako akupukusa mutu.

"Ndafunsa akulu. Sizitheka, mwana wa amai. Ndikadinda ine, kutsogolo akakubwezani, ndipo kumeneko mudzakhala pakati, kwanu kutali, kwa mwana kutali. Bwererani mukatenge yatsopano."

Anakankhira kabuku pansi pa galasi pang'onopang'ono. "Wotsatira."

Panja mwamuna wina wa jekete lachikopa anandinong'oneza kuti ndimupatse pasipoti, iye adziwa munthu. Ndinali nditatambasula kale dzanja. Mayi wina wamalonda amene tinakhala naye mpando umodzi ananditsina pamkono mpaka ndinalumpha.

"Ukam'patsa uyo, suzaionanso. Bisa!"

Kondakita anali ataponya kale chikwama changa pansi. "Pepani ba sisi, basi siyembekeza munthu mmodzi." Chitseko chinatsekeka. Ndinaiona ikupita, mpando wanga wa pa windo uli wopanda munthu, botolo langa la madzi likali pomwepo.

Ndinabwerera wapansi pa mlatho, nsomba ndi masau pamutu. Pakati ndinaima. Pansi panga panali Zambezi yemweyu, madzi amene mawa lake adzadutsa padoko la kwathu, pamene ana amaolokera tsidya kukaba mango. Mtsinje umene ndinauoloka ndisanamere mano. Ndinaimba foni ndili pomwepo. Mai Rudo anangoti, "Maiwe, maiwe," ndipo kumbuyo kwake Luka anali kulira kulira kwina kumene ndinali ndisanakumve, kopanda mphamvu, ngati kamwana ka mbuzi.

Yatsopano imafuna reji, ndipo reji inali m'sutukesi ya amama. Ndinabwereranso ku Feira. Anthu atandiona ndikutsika ndi chikwama chomwe chija anaganiza kuti kwagwa maliro ena.

Amama atamva, anayang'ana pachifuwa panga.

"Bwera nikumange."

"Kumanga chani, amama?"

"Mabere ayo. Mkaka wogona masiku onsewa wawonongeka. Ngakhale ufike mawa, sungamupatse, ungamuphe. Timange uume, uleke kuvutika."

Anali atang'amba kale chitenje. Akazi onse amene anatsalira pamaliro anavomereza, aliyense ndi nkhani ya mwana wa uje amene anatsegula m'mimba atayamwa mkaka wa paulendo. Ndinathawira panja manja ali pachifuwa. Ndinaona kuti mkaka ukauma, ndiye kuti palibenso chimene chatsala pakati pa ine ndi Luka. Nesi wina wa ku chipatala cha Katondwe amene timapemphera naye ndiye anandigwira paphewa pa tchalitchi, nati, "Mkaka suola uli m'thupi la munthu wamoyo. Uzifinya m'mawa, masana, madzulo, usaleke. Ukaleka ndiye uuma." Ndinasankha kumvera iye. Amama sanandilankhule tsiku lonse.

A Zuze anali ndi nzeru yawo.

"Iwe wavutikira chani ndi mabuku a anthu? Kanyemba uyo apo. Mawa m'mawa nikuolotsa, ukwere galimoto, wapita."

Ndinavomera. M'mawa tinatsikira kudoko, bwato lobwereka, nkhafi ya atata imene anaitola m'mabango. Ndinalowa, ndinakhala, chikwama pamiyendo. Tsidya linali pafupi moti ndinali kuona mkazi akutsuka mapoto. A Zuze anakankha. Pomwepo mvuu inalira kumtunda, kulira kuja kokhala ngati kuseka, ndipo ndinayamba kuona njira yonse: apolisi a pamsewu akufunsa chidindo chimene ndilibe, chitolokosi m'dziko la eni, ndipo ndikapulumuka pamenepo, Limpopo ali kutsogolo, madzi amene atata anati sindiwadziwa. Akandigwira, ndani adzauza Luka? Akanditsekera miyezi, akandiletsa kulowanso?

"Bwezani bwato, a Zuze."

"Wayamba mantha?"

"Bwezani!"

Titatembenuka ndinaona amama ataima pamtunda, opanda nsapato, duku lili m'manja. Nditatsika anangoti, "Madzi awa adya kale mmodzi mwezi uno." Madzulo ake anauza a Zuze kuti agulitse mbuzi.

Mbuzi zanga zonse zinathera m'kabuku katsopano. Ku Lusaka ndinakhala kwa msuweni ku Chawama, ndikumuchapira zovala. Ndinajambulitsa, ndinapereka zonse zimene anafuna, ndinafotokoza za mwana, anandimvera chisoni, anati adzayesa kufulumiza, koma ndidikire. Kudikira! M'mawa uliwonse ndinali kupita kukaima, kubwerako manja lende. Ndinali kufinyira mkaka m'kapu ya pulasitiki n'kukataya m'ngalande, mkaka woyera bwinobwino ukusakanikirana ndi madzi a sopo, mwana wanga akufa ndi njala maiko awiri kuchokera pamenepo. Unayamba kuchepa. Ndinali kufinya mpaka khungu kusupuka.

Ndiye tsiku lina ndinaimba, foni inayankhidwa, kumbuyo kuli zii.

"Mai Rudo, ali kuti?"

"Wagona."

"Bwanji salira? Wamwa botolo?"

"Wakhuta. Iwe bwera chabe, shamwari."

Bwera chabe. Mawu omwe aja a a Zuze. Ndinakhala pansi m'matope pa mpope, anthu akutunga madzi.

"Wafa! Mwana wanga wafa, mukunibisa!"

"Iwe, wapenga? Ali pano!"

"Mutsineni nimve."

"Ndimutsine mwana ali m'tulo?"

"Mutsineni!"

Ndinamva akudandaula m'Chishona kuti anthu a ku Zambia mitu yawo siyenda bwino. Kenaka kulira kunabuka m'foni, kwaukali, kwamphamvu, kulira kwa mwana wokhuta amene wamulakwira. Ndinaseka ndikulira, akazi a pa mpope atandizungulira. Kuyambira tsiku limenelo ndikafunsa chimene akudya, yankho linali lomwelo: wakhuta. Ndinadziuza kuti wazolowera botolo. Sindinafune kufunsa kupitirira apo.

Mvula yoyamba inandipeza ku Lusaka, yachiwiri, yachitatu. Tsiku limene anaitana dzina langa ndinalandira kabuku ndi manja awiri, ndinapempha mlonda wa pageti kuti andiwerengere tsiku lotha, kenaka ndinapemphanso mayi wogulitsa nthochi, kuti mwina mlonda walakwitsa. Pa boda paja ndinapeza munthu wina pa windo. Chidindo chinatsika, pha, asanandiyang'ane n'komwe. Ndinaima pomwepo ndikudikira kuti anene kanthu, mpaka wakumbuyo anandikankha.

Ndinafika pa famu Lamulungu masana. Malalanje anali atatha, komboni ili phee, ambiri atapita kwawo. Chipinda chathu chinali chotsegula, mulibe munthu. Pawindo panali chitini cha mkaka chija ndinagula, nditachigwedeza chinali chodzaza. Botolo lili pambali, louma, fumbi mkati. Ndinazungulira kuseri, kumene kuli mtengo umene tinali kuyanikapo zovala.

Mai Rudo anakhala pamphasa, msana kumtengo. Poyamba sindinamuzindikire, mmene anaondera, mafupa a m'khosi ali poyera. Bulauzi inali yotsegula. Bere ili Rudo. Bere ili Luka wanga, wonenepa, masaya phwii, kadzanja kake katagwira mkanda wa m'khosi mwa Mai Rudo monga mmene kanali kugwirira wanga.

Chikwama chinagwa chokha. Masau anamwazika.

Kwathu mwana amayamwa bere la mkazi wina pokhapokha amake ali m'manda, ndipo ngakhale pamenepo akulu amayamba akhala pansi. Ndinaima pamenepo ngati mzimu umene wabwera kudzaona mmene ana ake akusungidwira. Sindidziwa ngati ndinafuna kumugwadira kapena kumumenya.

Mai Rudo sanabise bere, sanagwetse maso.

"Liwombo linalowa, shamwari. Maso analowa. Analeka kukodza. Ndinathamanga naye kukiliniki, anamuika madzi, tinabwerako, botolo akukanabe. Ndinayezetsa magazi anga, ali bwino, khadi lili m'nyumba ukafuna kuona. Ndinadziwa kuti kwanu n'zoletsedwa, kwathunso n'zoletsedwa, apongozi anga akamva ndathera pomwepo. Ndinati bola adzandide mwana ali moyo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye yamba kundida. Koma uyambe wanditengera munthu wakoyu, wandimaliza, amadya ngati foromani."

Ndinagwada, ndinatambasula manja. "Luka. Luka, ndine amama."

Anasiya bere, anandiyang'ana. Maso a atata enieni. Anandiyang'ana monga mmene mwana amayang'anira mlendo pa basi. Nditamunyamula anauma thupi lonse, anapinda msana, anakuwa kukuwa kuja ndinakumva pa foni atamutsina. Ndinamasula bulauzi, ndinamuika pabere limene ndinalisungira m'ngalande za Chawama, limene ndinakanira amama. Anatembenuza mutu. Ndinayesa linalo. Anandikankha ndi timanja tonse tiwiri, akufunafuna Mai Rudo.

Zonse ndinapirira, windo lija, mlatho, bwato. Ichi chokha ndi chimene chinandithyola. Ndinamubweza, ndinakakhala pandekha pa njerwa, ndikuyang'ana nyerere zikukwera pa masau.

Tinayesanso dzuwa litapendeka, anakana. M'mawa mwake anakana. Mai Rudo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapereka Rudo kwa mkazi wa chipinda chinacho, natseka chitseko.

"Vula."

"Chani?"

"Vula, iwe. Ukununkha basi ndi nsomba za kwanu. Mwana sadziwa nkhope, adziwa fungo."

Anavula bulauzi yake imene anagona nayo, yonunkha thukuta lake ndi mkaka wake, anandiveka. Anamasula chitenje chake chobabira ana kumbuyo, chofiira chothetheka, anandikulunga nacho mapewa. Mkanda uja anauchotsa m'khosi mwake n'kuuika mwanga. Anandikhazika pamphasa, iye anakhala kumbuyo kwanga, miyendo yake uku ndi uku, chibwano chake paphewa langa. Tinadikira mpaka Luka anayamba kuyayamula ndi kutikita maso. Ndiye anamunyamula, anamudutsitsa pansi pa mkono wanga, namugoneka pamiyendo panga, uku akumulankhula m'Chishona pafupi ndi khutu langa, timawu tawo ta awiri timene ine sindinali kutidziwa.

Luka ananunkhiza chitenje. Kadzanja kanakwera, kanapeza mkanda, kanagwira. Anatsegula kamwa, anafunafuna, maso ali otseka.

Anagwira.

Ululu wake unafika mpaka kumsana. Ndinamva mkaka ukutsika, wochepa, kenaka wambiri, ndinamva akumeza. Anali kuyamwa amake poganiza kuti ndi Mai Rudo. Chifuwa changa chinayamba kugwedezeka, kulira kukukwera kukhosi, ndipo Mai Rudo anandifinya m'nthiti ndi maondo ake.

"Chete, shamwari," ananong'ona. "Angadziwe kuti ndiwe."

Ndinaluma nsonga ya chitenje chake, ndinakhala chete mpaka mwana wanga anakhuta.